Lipoti la ntchito yochepetsa phokoso mu Honda Fit ya ku Mufakose

Galimoto yomwe lipotili likufotokoza ndi Honda Fit ya mtundu wa GE6, ya injini ya malita 1.3, imodzi mwa zija zinapangidwa pakati pa 2007 ndi 2013 ndipo zinafika muno mu Harare zitagwira kale ntchito ku Japan. Eni ake ndi bambo achikulire a ku Mufakose, dera lina la mu Harare momwemu, obadwira konkuno koma makolo awo anachokera ku Ntcheu. Masiku ambiri galimotoyi imayenda m'tauni momwemu, koma kumudzi kukagwa zovuta, kapena ikafika nyengo ya Khirisimasi, imanyamula banja lonse kudzera ku Mutoko, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, womwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ntchito yanga ndi yosoka mipando, kukonza za m'kati mwa galimoto ndi kuika mawailesi, ndipo ndimagwira limodzi ndi makaniko pa galaja ina ya ku Highfield.

Abambowa anabwera chakumapeto kwa Okutobala ndi madandaulo atatu. Loyamba linali mkokomo womwe unkayamba galimoto ikapitirira liwiro la makilomita 60 pa ola, n'kumakula mpaka wa kutsogolo ndi wa kumbuyo sankamvana popanda kukuwa. Lachiwiri linali kugogoda ndi kugwedera kwa zinthu akamadutsa pamaenje ndi pamahampu. Lachitatu, lomwe iwo ankaliona ngati nkhani ina yapadera, linali fungo la phula lodzaza m'galimoto ikakhalitsa padzuwa. Pempho lawo linali limodzi: "Amisiri, ndiuzeni mtengo womata galimoto yonseyi ndi zoletsa phokoso zija, kuyambira kutsogolo mpaka kubuti." Ndinawayankha kuti, "Bambo, za mtengo tikambirana tikaimva kaye ikulira pamsewu." Ndinatero chifukwa phokoso la m'galimoto limachokera kosiyanasiyana, pomwe zomata zimachiza mtundu umodzi wokha, ndipo mtunduwo nthawi zambiri si umene umakhala waukulu pa galimoto yakale.

Zomwe tinapeza pamsewu ndi pajeki

Tisananyamuke tinatsitsa chilichonse chosamangidwa: jeki, masipanala, mabotolo, ndalama zachitsulo za m'timabokosi, ngakhalenso tayala lapadera. Eni ake anagwira chiwongolero ine nditakhala kumbuyo, kenako tinasinthana. Tinayamba ndi timisewu tamaenje ta m'kati mwa Mufakose, n'kutulukira pamsewu wa ku Bulawayo pomwe galimoto imatha kukhala pa liwiro limodzi kwa kanthawi. Pamenepo ndinayeza phokoso ndi pulogalamu ya pafoni pa liwiro la makilomita 80 pa ola, mawindo otseka, wailesi ndi fani zozimitsa. Foni si makina enieni oyezera phokoso, koma imathandiza poyerekeza ngati munthu agwiritsa ntchito foni yomweyo, pamalo omwewo m'galimoto, pachigawo chomwecho cha msewu.

Mkokomo sunkasintha ndikasiya kuponda mafuta, kutanthauza kuti sunali wa injini kapena ekizozi, koma unkatsatira kuzungulira kwa matayala. Nditakhotetsa pang'ono chiwongolero kumanja pamsewu wopanda galimoto zina, mkokomowo unakula, ndipo nditakhotetsa kumanzere unachepa. Galimoto ikamakhotera kumanja kulemera kwake kumatsamira pa matayala a kumanzere, choncho kukayikira kwathu kunagwera pa beringi ya kumanzere, kachipangizo komwe tayala limazungulirapo. Titaikweza pajeki, makaniko anazunguza tayala lakumbuyo chakumanzere dzanja lina atagwira sipuling'i, ndipo kukhakhala kwa beringi kunkamveka m'dzanjamo.

Matayala nawo anali ndi nkhani yawo. Awiri akumbuyo anali aja a nyengo ya chipale chofewa omwe galimoto zambiri za ku Japan zimabwera nawo, okhala ndi timizere tambirimbiri ndi chizindikiro cha phiri m'mbali mwake. Manambala anayi osonyeza nthawi yomwe tayala linapangidwa anali 3814, ndiko kuti sabata ya 38 ya chaka cha 2014. Mphira wa matayala otere anaupangira kuzizira, ndipo pa phula lotentha la kuno amadyeka msanga, komanso amachedwa kuima mabuleki akagwira. Awa anali atatha mwa mabampumabampu, malo ena okwera ena otsika, chomwe ndi chizindikiro cha mashokapu akufa: tayala limadumphadumpha m'malo mogwira msewu, ndipo likatha motero limalira lokha ngakhale pamsewu wosalala. Akutsogolo anali opopedwa kufika pa 300 kPa (muyeso wa mpweya wa m'tayala), kupitirira mlingo wolembedwa pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, poti eni ake anauzidwa kuti tayala louma limasunga petulo. Kusungako n'kochepa, pomwe kamwala kalikonse ka pamsewu kamamveka m'galimoto.

Kugogoda kwa pamaenje kunachokera pa timikono takutsogolo ta stabiliser (chitsulo chochepetsa kupendama kwa galimoto ikamakhota) tomwe tinali titatha, ndi pa mabushi a mashokapu akumbuyo. Pansi pa galimoto tinapezanso kachitsulo kopyapyala kotchinga kutentha kwa ekizozi katadyeka ndi dzimbiri pabowo la bawuti, kakungolendewera.

Apa m'pomwe ndinakana ntchito momwe inapemphedwera. Ndikanamata galimoto yonse tsiku lomwelo, mkokomo wa beringi ukanachepa pang'ono m'makutu mwa eni ake, beringiyo ikupitiriza kudyeka, ndipo chenjezo lokhalo lomwe galimoto inkawapatsa likanaphimbika. Beringi yotere ikagwira moto pakati pa Nyamapanda ndi Tete, banja lili m'kati, nkhani imakhala ina. Madalaivala ambiri a mushikashika, galimoto zazing'ono zonyamula anthu popanda chilolezo, amachita zofanana ndi zimenezi pokweza wailesi galimoto ikayamba kulira, kungoti wailesiyo salipira nayo mmisiri. Abambo aja anavomera kuti ndalama yoyamba ipite kwa makaniko. Anasintha habu yakumbuyo, pomwe tayala limamangidwa, pamodzi ndi beringi yake, mashokapu onse awiri akumbuyo, timikono tija ndi matayala awiri, anamangitsa kachitsulo kaja ndi washa wamkulu, ndipo mpweya unabwezedwa pamlingo wake.

Zogwedera za m'kati

Titabwerera pamsewu, mkokomo waukulu unali utapita, ndipo timaphokoso tomwe tinkabisala kumbuyo kwake tinayamba kumveka. Timeneti sitifuna zomata zodula. Kugwedera kumachitika pomwe zinthu ziwiri zolimba zayandikana koma sizinamangidwe pamodzi, ndipo mankhwala ake ndi kuzimanga kapena kuika chofewa pakati pake. Pozifufuza sindiyendetsa galimoto ayi. Ndimaimika pamalo achete n'kulumikiza foni ku wailesi, kenako n'kuliza kamvekedwe kamodzi kotsika, kukakweza pang'onopang'ono kuchokera pa 30 Hz kufika cha pa 200 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa kamvekedwe). Chinthu chilichonse chomasuka chili ndi pomwe chimayamba kunjenjemera, ndipo chikayamba ndimayendetsa chikhatho pa pulasitiki mpaka pomwe kulirako kwasiya.

Mwa njira imeneyi tinapeza nambala puleti yakumbuyo ikumenya chitseko cha buti chifukwa inamangidwa pamwamba pokha, timakilipu tinayi tothyoka pa pulasitiki ya chitseko chomwecho, mawaya omasuka kuseri kwa wailesi, ndi chitsulo cha lamba wa mpando wa kumanzere chikugunda mzati wa pakati. Chitseko cha buti nachonso chinkasewera pa loko wake chifukwa timphira tomwe chimatsamirapo tinali titalowa m'kati. Tinaika timakilipu tatsopano, mawaya tinawakulunga ndi tepi yansalu n'kuwamanga, kuseri kwa nambala puleti tinamatako siponji yopyapyala, ndipo timphira tija tinatizunguza kuti tituluke. Pa ntchito yonse, gawo limeneli ndilo linadya ndalama zochepa kwambiri.

Za m'zitseko

Titachotsa mapulasitiki a zitseko zakutsogolo, gwero la fungo linaoneka. Munthu wina, yemwe eni ake anamupatsa ntchito yoika masipika chaka chapitacho, anamata m'katimo tepi yaphula ija yomatira malata a nyumba akamadontha. Ndi maso imafanana ndi chomata chenicheni cha galimoto, chifukwa pamwamba pake palinso aluminiyamu wonyezimira, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Koma phula limafewa likatentha, ndipo chitseko cha galimoto yakuda yoimikidwa padzuwa la Okutobala chimatentha moti chikhatho sichingakhalepo, osanenanso za ku Tete komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 nyengo imeneyi. Tepiyo inali itasereka n'kuunjikana pansi pa chitseko, ina itamatirira ku njanji yomwe galasi limayendamo, n'chifukwa chake windo la dalaivala linkakwera movutikira.

Choopsa kuposa fungo chinali chakuti phulalo linatseka timabowo totulutsira madzi ta pansi pa zitseko. Anthu ambiri sadziwa kuti m'kati mwa chitseko mumalowa madzi mwadala: mvula imatsetsereka pagalasi, n'kudutsa pa mphira, n'kutulukira pa timabowo timeneti. Pepala la pulasitiki lomwe fakitale imamata pakati pa chitsulo ndi chovala cha chitseko limatchinga madziwo kuti asalowe m'galimoto. Pepalalo linali litang'ambidwa n'kutayidwa, ndipo m'malo mwake anafwatikamo zidutswa za thonje loyala pansi pa kapeti wa m'nyumba. Thonjelo linali lonyowa ngakhale mvula inali isanayambe, ndi madzi otsukira galimoto okha, ndipo dzimbiri linali litayamba pa mpendero wa pansi.

Kuchotsa phula kunatenga nthawi yaitali kuposa kumata zatsopano. Tinkapala m'mawa chitsulo chisanatenthe, phulalo lili lolimba, ndi chopalira cha pulasitiki kuti penti asakalike. Zotsalira tinazisungunula ndi palafini, kenako tinapukuta bwinobwino ndi sipiriti, popeza chomata sichigwira pamalo amafuta kapena afumbi. Dzimbiri tinalikwecha mpaka chitsulo chinayera, n'kupakapo penti woletsa dzimbiri, ndipo tinadikira kuti aume tisanapitirire.

Chomwe tinamata m'malo mwake ndi mphira wa butyl wochindikala mamilimita 2, wokhala ndi aluminiyamu pamwamba. Mitundu yodziwika ndi monga Dynamat ndi STP, koma chofunika si dzina, ndi kutsimikiza kuti ndi butyl osati phula, ndipo munthu akhoza kudziwa poika kachidutswa padzuwa n'kukanunkhiza. Ntchito yake si kutchinga phokoso, monga ambiri amaganizira. Chitsulo chopyapyala ndi chotambalala cha chitseko chimanjenjemera tayala likagunda msewu, ndipo kunjenjemerako n'komwe kumatulutsa kulira. Butyl akapanikizika pakati pa chitsulocho ndi aluminiyamu, amakokeka uku ndi uku chitsulo chikamapindika, ndipo mphamvu ya kunjenjemera imathera mwa iye ngati kutentha pang'ono. Aliyense amene anaonapo woimba ng'oma ya gule akuika chikhatho pachikopa kuti kulira kudukire pomwepo amvetsa mosavuta, ndipo adziwanso kuti chikhathocho sichiphimba chikopa chonse.

Pa chifukwa chimenechi sitinamate paliponse. Kuphimba gawo limodzi mwa magawo anayi a chitsulo, kapena kufika theka pamalo olira kwambiri, kumachita pafupifupi ntchito yonse, bola zidutswazo zikhale pakati pa malo otambalala. M'makona, m'mipendero ndi pomwe chitsulo chinapindidwa n'polimba kale ndipo pomatapo n'kutaya ndalama. Ndimagogoda ndi chala kunja kwa chitseko: pomwe palira motalika ndimamatapo, ndipo pakayamba kumveka mogontha ndimasiya. Chidutswa chilichonse chimafunika kuchitsindika ndi kagudumu mpaka timizere ta pa aluminiyamu titafafanizika, chifukwa mpweya ukatsalira m'kati chomatacho sichigwira ntchito ndipo chinyezi chimabisala momwemo. M'mphepete mwa aluminiyamuyu ndi mwakuthwa, choncho magolovesi ndi ofunika. Timabowo tamadzi, mabawuti, mawaya ndi njira ya galasi tinazisiya poyera. Pomaliza tinamata pepala latsopano la pulasitiki pamalo ake, ndi siponji yopyapyala yosamwa madzi kuseri kwa chovala cha chitseko, ndipo tizitsulo ta loko tinativeka timapaipi tofewa.

Pansi ndi kubuti

Phokoso la matayala lomwe limadutsa mumpweya n'kulowa kudzera pansi ndi m'makumbi a matayala (malo obisalamo matayala) silimva butyl kwenikweni. Limafuna chinthu cholemera, chofewa ndi chopanda mipata. Pa ichi timagwiritsa ntchito mass loaded vinyl, chipepala cholemera pafupifupi makilogalamu 5 pa sikweya mita, choyalidwa pamwamba pa siponji yosamwa madzi kuti chisakhudzane ndi chitsulo. Lamulo lake ndi lakuti kulemera kwa chotchinga kukawirikiza kawiri, phokoso lodutsa limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), koma lamulolo limagwira pokhapokha ngati palibe mpata. Kabowo kakang'ono kosiyidwa pa waya kapena polumikizira kamalowetsa phokoso lambiri kuposa kukula kwake, choncho zidutswa ziyenera kusanjikizana m'mphepete n'kumatidwa ndi tepi.

Vuto lake ndi kulemera. Honda Fit imeneyi imangopitirira pang'ono tani imodzi, injini yake ndi yaing'ono, ndipo popita ku Malawi imakhala itadzaza kale ndi anthu ndi katundu. Kuyala chipepala chimenechi galimoto yonse kukanakhala kuikweza munthu wina wosatsika. Tinagwirizana zoyala pamakumbi a matayala akumbuyo, pansi pa buti ndi popondera mapazi kutsogolo. Pa galimoto yamtunduwu, yomwe buti ndi mipando zili m'chipinda chimodzi, phokoso lambiri la msewu limalowera kumbuyo, ndipo ndinalimva ndekha nditakhala kumeneko. Tisanayale chilichonse tinathira madzi ndi paipi padenga ndi pachitseko cha buti, ndipo tinaona akulowa pa mphira wa nyali yakumbuyo n'kutsikira m'dzenje la tayala lapadera. Tinatseka pamenepo kaye, chifukwa kuyala zinthu pamalo olowa madzi n'kufesa dzimbiri losaoneka.

Honda Fit ili ndi zake ziwiri zomwe mmisiri ayenera kukumbukira. Thanki yake ya petulo ili pansi pa mipando yakutsogolo, osati kumbuyo monga galimoto zambiri, choncho kuboola kapena kukhoma sikuluwu pansi pamenepo n'koletsedwa. Kamangidwe komweko n'komwe kamalola mipando yakumbuyo kupindika mpaka pansi, ndipo choyala chochindikala popondera mapazi kumbuyo chimailepheretsa kugona bwino ndi kukhoma. Pamenepo tinangomata butyl ndi siponji yopyapyala. Pochotsa mipando yakutsogolo tinayamba tamasula batire n'kudikira mphindi zingapo tisanakhudze mapulagi achikasu a ma airbag, ndipo pobwezera, mabawuti a mipando ndi a malamba anamangidwa ndi makaniko pa mlingo wake, chitsulo pa chitsulo, popanda chomata pakati. Nambala ya chasisi nayo siyenera kuphimbidwa, makamaka pa galimoto yodutsa zipata za mayiko atatu.

Boneti sitinaikhudze, popeza injini sinali m'gulu la madandaulo. Mphira wa chitseko cha dalaivala unali utaphwa pamwamba, ndipo pepala lopanidwa pamenepo linkasololoka popanda kukakamira, choncho tinausintha kuti mphepo isiye kuimba mluzu.

Zotsatira

Pachigawo chomwe chija cha msewu wa ku Bulawayo ndinayeza kawiri, makaniko atamaliza ndiponso zomata zitatha. Kutsika kwakukulu kunaoneka pa muyeso woyamba, beringi, mashokapu ndi matayala zitasinthidwa. Zomata ndi zoyala zinachotsaponso ma decibel pafupifupi 3. Nambala imeneyi ndinawafotokozera eni ake mosabisa: kutsika ndi 3 kumatanthauza kuti mphamvu ya phokoso yachepa ndi theka, koma khutu la munthu limangomva kusintha pang'ono, ndipo kuti munthu anene kuti phokoso lachepa ndi theka pamafunika kutsika ndi pafupifupi 10. Chomwe foni siionetsa bwino ndi kusintha kwa mtundu wa phokosolo. Kulira kwa malata kunatha, zitseko zinkatsekeka ndi kamvekedwe kogontha, ndipo masipika omwe aja ankamveka bwino chifukwa chitseko chinasiya kuimba nawo. Abambowo anayesa m'njira yawo: anakweza mayi akunyumba kumbuyo n'kuyankhulana nawo pa liwiro la 80 popanda kutembenuka kapena kukweza mawu.

Zina sizinathe ndipo sizingathe. Magalasi a galimotoyi ndi opyapyala ndipo palibe chomata chowathandiza. Pa misewu yokutidwa ndi timiyala tomata pa phula, mkokomo wotsika umalowabe kudzera m'zitsulo zogwira matayala, ndipo umenewo umadalira kwambiri mtundu wa tayala kuposa chilichonse chomwe ine ndingayale m'kati.

Mvula itagwa kwa masabata angapo, galimoto inabweranso monga tinapanganirana. Tinatsegula chitseko cha dalaivala ndi dzenje la kubuti, ndipo monse munali mouma, timabowo tamadzi tili totseguka, butyl ali pomwe tinamumata, fungo kulibe. Kaphokoso kamodzi katsopano kankamveka pa dashibodi m'mawa kukazizira n'kusiya dzuwa likakwera, ndipo kanapezeka pomwe pulasitiki ya mzati wa kumanzere imakhudzana ndi dashibodiyo, pomwe tinaikapo kansalu. Eni ake anafunsanso za denga, chifukwa mvula yamphamvu imalimenya mosokosa. Zidutswa zochepa za butyl pakati pa mipiringidzo yake zikhoza kuthandiza, koma kutsitsa chovala cha denga kumafuna kusamala chifukwa chikapindika mzere wake sufafanizika. Ndinawalangiza kuti ndalama imeneyo aisungire kaye matayala awiri akutsogolo, omwe atsala pang'ono kufika pa timizere tosonyeza kutha, ndipo asinthidwe ulendo wa ku Ntcheu wa mu Disembala usanafike. Za denga tinagwirizana kuti tidzaziona akabwerako.